Laimu wa Nalimata

Padangokhala, inu muziyankha kuti muli nane, kale nyama zikadali kumanga nyumba za zitseko ndi kukwatirana podzera kwa ankhoswe ngati ife, padali mkamwini wina dzina lake Nalimata. Adakwatira Nangondo, mwana wa kwa abuluzi, ndipo adabereka mwana mmodzi, Tsalani.

Nalimata ndi khasu sankamwerana madzi. Akalima kamzere, msana unkayamba. Akamva kuti kwina kwapsa mowa, msanawo unkachira pompo. Koma pakamwa, abale! Ankatha kukunyengerera mpaka kumubwereka nsapato iwe uli pa ulendo.

Tsiku lina pamowa padafika Birimankhwe, amene adakhalitsa kutauni. Ankayenda pang'onopang'ono monga ayendera anthu olemera, diso lina lili pa chipanda, lina m'matumba mwa anzake.

"Inu a kuno mudzafa khasu lili m'manja," adatero Birimankhwe. "Chuma chili m'nyumba. Osati yogonamo ayi, yogulitsa. Upeze chinyumba chakutha, mwini wake ali pothawa, umupatse kangachepe. Uchipake laimu kuti mbee! Ukatero upeze wina amene ali pachangu, umugulitse. Basi, walemera."

"Nanga za m'kati mwa nyumbamo?" adafunsa Nalimata.

"Mphwanga, ine ndakhala ndikusintha mtundu chibadwire. Alipo adandifunsapo za m'kati?"

Mawu amenewo adamuledzeretsa Nalimata kuposa mowa. Adathamangira kunyumba n'kupeza mkazi wake akusenda mtedza m'dengu.

"Mayi a Tsalani, njira ndaipeza. Chatsala ndi mpamba."

"Mpamba muutenga kuti, munthu wopanda ndi nkhuku yomwe?"

Nalimata adangoyang'ana dengu lija.

"Iyayi, bambo a Tsalani! Iyi ndi mbewu. Tikufuna kudzala."

"Nanenso ndikufuna kudzala. Kungoti ine ndidzala m'makoma."

Adalankhula, adalankhula, mpaka Nangondo adakankha dengulo ndi phazi kuti makutu ake apumule.

Masiku amenewo Kanyimbi adali atamanga kale katundu, chifukwa anansi ake adatopa ndi fungo lake ndipo adamuuza kuti asamuke. Nyumba yake padalibe woiyandikira. Ataona dengu la mtedza m'manja mwa Nalimata adalandira ndi manja awiri, osawiringula n'komwe, n'kunyamuka mothamanga kuopa kuti wogulayo angasinthe maganizo.

Nangondo adasesa, adazira pansi, adafukiza masamba a mitundumitundu. Fungo lidangokhala phee ngati mwini mudzi.

"Mbewu yanga yapita," adadandaula.

"Tengani tsache, mayi. Fungo silioneka."

Adagula laimu n'kuyamba kupaka. Popakapo Nalimata adapeka nyimbo yoyenda ndi dzanja, kukwera ndi kutsika pakhoma. Iye ankatsogolera, kutamanda diso kuti ndiye mfumu ya thupi lonse, pamene mphuno ndi makutu ndi antchito aulesi amene amafika msika utatha. Wovomera ntchito yake idali yochepa, kungoyankha za kuyera kwa khomalo. Nangondo ankavomera atatsina mphuno, moti mawu ankatuluka ngati a mwana wa mbuzi.

Nyumba itayera, Nalimata sadaitane wogula aliyense. Adadikira mpaka nyengo yozizira, chimfine chitalowa m'mudzi. Pamenepo adapita kwa a Sajeni Njiri, amene adangopuma kumene pa usilikali wa mfumu, atawathokoza ndi matumba a chimanga. A Sajeni adali pachangu chenicheni, pakuti adakwatira mkazi wachiwiri amene adakanitsitsa kukhala bwalo limodzi ndi wamkulu. Ndipo mphuno zawo zidali zitatsekeka kuti ndi!

Adalowa m'nyumbamo, nazungulira, nagogoda khoma. Nalimata adaima kunja patali, misozi ili mbwembwembwe chifukwa cha fungo.

"Bwanji sukulowa, mnyamata?"

"Mtima sukundilola, a Sajeni."

"Nanga misoziyo?"

"Kusiyana ndi nyumba yotere n'kowawa, bwana wanga. Chikhala kuti sindidalonjeze ena amene akubwera masanawa..."

"Ena ati? Ine ndafika kale pano!"

Dzuwa lisadapendeke, matumba a chimanga adali pakhonde pa Nangondo.

Chimfine sichikhalitsa. Tsiku limene mphuno zidatseguka, mkazi wamng'ono adathawa osatenga ndi mpango womwe. A Sajeni adafika kwa Nalimata fumbi lili koboo, mano ali panja. Nalimata adathawira pamwamba pa khoma.

"Tsika ndikung'ambe, kambala iwe!"

"A Sajeni, tsitsani mawu. Mukakuwa chonchi mudzi wonse udziwa kuti nyumba yanu imanunkha. Ndiye mudzaigulitsa kwa yani?"

"Kuigulitsa?"

"Kodi mudagula kuti muzigonamo? Pepani, bwana wanga, ndimayesa mukudziwa. Nyumba za masiku ano sitigonamo. Chimfine sichidathe m'dziko muno. A Gwape ndawamva akuyetsemula dzulo. Pakaninso laimu, muonjezere mtengo."

A Sajeni adaima kanthawi, mchira uli njo. Kenaka adafunsa chapansipansi kuti nyimbo ija imayamba bwanji. Sabata isadathe adagulitsa nyumbayo kwa Gwape, napeza chimanga choposa chimene adataya, ndipo adamutumizira Nalimata mowa wothokoza.

Nyumba yachiwiri Nalimata adaigula kwa Nungu, amene ankathawa chifukwa chiswe chidadya mizati, nsichi ndi phaso lomwe, kungosiya makoko. Nalimata adamata dothi m'mabowo monse, natenga tsache. Nyimbo idali yomwe ija, koma ulendo uno adaonjezera ndime yoseka khutu, kuti ndi mkazi wamiseche amene amamva zonse koma sadagulepo kanthu. Nangondo adavomera mokweza, pakuti chimanga chidali chitamufewetsa mtima.

Wogula adali Abusa Khwangwala, a kolala yoyera m'khosi. Iwowa adali pachangu chifukwa akuluakulu a mpingo ankabwera kudzawayendera, ndipo nyumba yawo yakale idali yochititsa manyazi. Adalowa mwaulemu, manja kumbuyo. Ali pakati pa chipinda adapendeketsa mutu.

"Mwana wanga, chikusokosa m'khomamu n'chiyani?"

Chidali chiswe, chili pa ntchito yake. Nalimata adagwira pakamwa ngati wadzidzimuka.

"Nanunso mwamva, Abusa? Ine ndimaopa kuuza anthu wamba, angandiyese wamisala. Makoma amenewa amapemphera monong'ona. Ambiri akalowa muno samva kanthu. Akuti zimatengera chikhulupiriro cha munthu."

Abusa adavula chipewa.

"Ine ndikumva bwinobwino," adatero. "Mawu aliwonse."

Adalipira ndi zopereka za masika zimene akhristu adasonkha. Koma tsiku losamukira, pokhoma msomali woti akolekepo jekete, mzati udangoti fwaa ngati ufa, chiswe n'kuwakhuthukira m'kolala. Adapita kwa Nalimata osakuwa, osathamanga, monga ayenera munthu wa udindo.

"Mwana wanga, wachimwa."

Nalimata adayamba kale kukwera khoma. "Abusa, tsitsani..."

"Usavutike, a Sajeni adandifotokozera zonse. Ndangobwera kudzafunsa kumene mumagula laimu."

Lamulungu lotsatira, mapemphero atatha, Abusa adalengeza kuti alangizidwa m'maloto kuti nyumba yopempherayo asakhale nayo okha, aigulitse kwa mkhristu wina woyenera. Oyenera adapezeka ambiri, mpaka kukankhana pakhomo.

Kuyambira pamenepo mudzi wonse udagwidwa matenda a laimu. Makasu adachita dzimbiri. Kulikonse kunkamveka nyimbo ya Nalimata, amuna kutsogolera, akazi ndi ana kuvomera za kuyera kwa khoma, ndipo a kwaya adaisintha pang'ono n'kumaimba paukwati. Nyumba inkakhala ya uyu m'mawa, madzulo ya wina, mtengo ukukwera, wogonamo palibe. Nyama zinkagona pansi pa ngolo kuopa kudetsa makoma. Fulu adangoti atsinzineko pang'ono m'mbali mwa njira, wina adamupaka laimu n'kumugulitsa iye ali m'kati. Atadzuka n'kuyamba kuyenda, wogulayo adamuthamangira akukuwa kuti wakuba wathawa ndi nyumba.

Birimankhwe yekha ndiye sadagule nyumba ndi imodzi yomwe. Adangotsegula kagolosale ka laimu pamphambano, ndipo ofuna malangizo ankawaphunzitsa atalipiratu.

Nalimata tsopano ankatchedwa Bwana Manyumba. Adagula taye. Chimanga chilichonse chimene ankapeza ankachithira m'nyumba zina, pakuti nyimbo ukaiimba kwambiri umayamba kuikhulupirira wekha.

Tsiku lina Nangondo pochokera kumadzi adapeza banja la a Pusi likulowetsa mphasa m'nyumba mwake, Tsalani atakhala panja pa mtolo wa ziwiya.

"Bambo a Tsalani, zimenezi ndiye ziti?"

"Ndagulitsa, mayi. Kugona m'nyumba yoti ikhoza kugulidwa n'kugonera chuma."

"Mwagulitsa nyumba ya pamudzi pa amayi anga? Inu mkamwini?"

"Ndidzakumangirani ya malata. Mtengo ukukwera tsiku ndi tsiku."

"Mitambo mwaiona? Anzathu a kutsidya atha kale kugalauza. Ndibwezereni mbewu yanga ndikadzale."

"Mbewu yanu ili m'makoma, ikubereka."

Nangondo sadalire. Adasenza mtolo, nagwira mwana padzanja, napita kwa amake. Nalimata chidamuwawa ndithu, adaima akuwayang'ana mpaka adakhota. Koma asadaganize zowatsatira, mthenga adamugwira paphewa kuti akufunidwa ndi a Nduna Njati.

A Njati adali nduna ya mfumu yoyang'anira malo ndi nkhokwe ya mudzi, imene ankasungamo chimanga cha pa njala. Adamulandira Nalimata atakhala pampando wa ndalema.

"Ndamva kuti ngakhale Gwape ali ndi nyumba zogulitsa," adatero a Nduna. "Gwape! Ine nduna yathunthu ndilibe. Ndikufuna yaikulu kuposa zonse, ndipo ndikuifuna mfumu isadabwere ku ulendo wake."

"Ilipo, wolemekezeka," adayankha Nalimata, ngakhale m'mudzi monse mudalibe nyumba yoti Njati n'kulowetsamo nyanga.

Adapita kukhwawa louma, kumene malo adali aulere chifukwa padalibe wowafuna. Adaumbitsa zidina zosaotcha n'kumanga khoma limodzi lokha, lakumaso, lalitali, la chitseko chachikulu ndi mawindo a makatani. M'mbali adazunguliza mpanda wa udzu kuti wodutsa asaone kumbuyo. Popaka laimu adaimba nyimbo yake, koma ulendo uno padalibe womuvomera, moti ankatsogolera yekha n'kudziyankha yekha ndi mawu aang'ono.

A Nduna adabwera ndi owanyamulira ambulera. Ataona khomalo adapumira m'mwamba.

"Zipinda zilimo zingati?"

"Monga mwa kufuna kwanu, wolemekezeka. Kumbuyoku malo sakutha."

"Mpweya umalowa bwino?"

"Mbali zonse."

"Denga silidontha?"

"Chimangireni sipadagwe ndi dontho limodzi kuchokera kudenga."

A Nduna adagwira chitseko. Nalimata adafulumira kuwayandikira.

"Lowani ndithu, wolemekezeka," adatero. "A Gwape nawonso amatero, amayamba asuzumira pena paliponse. Ndi khalidwe la ogula ang'onoang'ono, oopa kuluza. Mabwana a kutauni amangoyang'ana kumaso n'kulipira."

A Nduna adachotsa dzanja pachitseko ngati chatentha.

"Ukundiyesa Gwape ine? Ndani wakuuza kuti ndikufuna kugonamo? Ndikufuna ikwere mtengo."

Tsiku lomwelo ngolo zidayamba kututa chimanga m'nkhokwe ya mudzi. A Nduna adati akungobwereka, adzabweza ndi phindu akagulitsa. Nalimata adatenga chimangacho n'kugula nyumba zonse zimene zidatsala pamsika, kuphatikizapo zina zimene adazimata yekha dothi.

Kenaka mvula idagwa.

Idayamba ndi laimu, kumutsuka m'makoma mpaka njira zonse zidayenda madzi oyera ngati mkaka. Ming'alu idaonekera, mabowo adayasama. Nyumba yopemphera ija idagwada pansi osadzukanso. Fungo la Kanyimbi, litanyowa, lidafika mpaka kutchalitchi. Khwawa lidadzaza, khoma la a Nduna n'kusungunuka ngati mchere, chitseko chokha n'kumayandama kunka kumunsi, makatani akutsatira. Nyama zonse zidathamangira kumsika kukagulitsa nyumba, koma wogula padalibe. Zidapita kwa Birimankhwe kuti awalangize, n'kupeza kagolosale kotseka. Mwini wake adali atanyamuka mitambo itangoyamba, ndipo ngakhale amayenda pang'onopang'ono, adali atafika kale kutali.

Nalimata, taye ili nyowe, adakagogoda kwa apongozi ake.

"Mayi a Tsalani, nditsegulireni. Ndazizidwa."

"Nyumba zanu zonse zija?" adayankha Nangondo chitseko chili chitsekere.

"Zagwa."

"Paja mumati mtengo ukukwera. Kwerani mtengo womwewo mukagonemo."

Adamva Tsalani akufunsa ngati amenewo ndi atate, ndi amake akumuuza kuti adye msanga apite kumunda. Nalimata adatsala pakhonde mutu uli pansi, ndipo ndi pomwepo pamene asilikali adamupeza.

Mlandu udakambidwira m'chisakasa cha bwalo, mudzi wonse utadzaza. Popeza mfumu idali isadabwere, woweruza adali a Nduna Njati eni ake, amenenso adali odandaula.

"Nalimata, wanamiza mudzi. Uli ndi mawu?"

"Ochepa, wolemekezeka. Ine ndidagulitsa nyumba yonunkha kamodzi kokha. Amene adaigulitsa kachiwiri ali pompano, atithandize kufotokoza."

A Sajeni Njiri adayamba kutsokomola kwambiri, nati chimfine chawabwerera.

"Ya chiswe nayonso ndidagulitsa kamodzi. Abusa angakumbukire za maloto aja."

Abusa Khwangwala adatseka maso, nati ali m'pemphero, asasokonezedwe.

"Tsono za khoma la kukhwawa, ndingayambe ndi kufotokoza kumene kudachokera chimanga chimene..."

"Zimenezo sizikukhudzana ndi mlandu uno!" adabangula a Nduna, akumenya pansi. "Bwalo lino silikufuna mbiri yakale. Likufuna chimanga. Bweza chonse lero lomwe, apo ayi tikupondaponda."

Khamu lidavomereza ndi mkokomo. Njala idali itayamba kale kuluma, ndipo aliyense ankafuna wina woti amuponde. Nalimata adayang'ana ziboda zomuzungulira. Chimanga adalibe ndi njere yomwe.

"Chimanga chilipo," adatero. "Ndidachibisa kuphanga. Ndiloleni ndikatenge."

"Kuti uthawe?"

"Ndisiya chikole, wolemekezeka. Nyumba ndilibe, mkazi wandikana. Chimene chatsala ndi mchira wangawu. Wina augwire zolimba. Kodi alipo adapitapo kutali mchira wake uli m'manja mwa ena?"

Nyama zidayang'anana. A Nduna adaganiza, naona kuti m'mawuwo mulibe bowo.

"Sajeni, gwirani chikolecho."

A Sajeni adauponda mchirawo ndi mphamvu zonse za usilikali. Nalimata adatseka maso, adaluma mano, nadzikoka kamodzi. Thu! Ululu udamufika mpaka m'mutu, koma miyendo idagwira ntchito. Adadutsa pakati pa ziboda, nakwera mzati, nakabisala kuphaso la chisakasa, kumene nyanga kapena dzino silikadafika.

Pansi onse ankayang'ana mchira uja, umene unkavina wokha m'fumbi, kudumpha uku ndi uku.

"Taonani," adanong'ona Gwape. "Mwini wake palibe koma ukugwirabe ntchito."

Abusa adatsegula diso limodzi. "Chinthu chotere sindidachionepo. Chiyenera kusungidwa kutchalitchi."

"Chili pansi pa phazi langa," adatero a Sajeni. "Ofuna anene mtengo."

"Ine ndipereka chitseko!" adakuwa Pusi.

"Ine zitseko ndi mawindo omwe!"

"Mawa udzakhala utakwera, gulani lero!"

Wina adathamanga kukakokota laimu wotsala m'chidebe kuti mchirawo uoneke bwino. Kumbuyo kwa khamu wina adayamba nyimbo ija chapansipansi, ndipo ovomera sadasowe.

Nalimata ali kuphaso adacheuka kuyang'ana pachilonda. Pankawawa, koma pankayabwanso, kuyabwa kwa chinthu chimene chikufuna kuphuka. Adakonza taye yake, nasuzumira pansi.

"Akuluakulu! Musalimbirane umodzi. Wina akumera, wautali kuposa umenewo. Sudaoneke, n'chifukwa chake mtengo wake ukadali wotsika. Ofuna alipiretu."

Dzanja loyamba kukwera m'mwamba lidali la a Nduna Njati.

Nthano yathera pamenepo. Amene adaika mbatata paphulusa akaiphule yekha, ndipo ayambe waibenthula asadaitame.